Imelo ya fizi inabwerera bwanji? Momwe seva imasinthira maadiresi



Teremu yathayi bambo wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatumiza risiti ya fizi ya mwana wake pa imelo. Anaitumiza ku adiresi ya msungichuma amene anali atasiya ntchito pasukulu pano mwezi umodzi m'mbuyomo. Akaunti ya msungichumayo inali itatsekedwa, choncho kalata inabwerera ndi uthenga wa Chingerezi umene bamboyo sanaulabadire. Mwana anaitanidwa ku ofesi kawiri ngati wosalipira, pomwe bambo ake anali atalipira kalekale. Mlandu sunali wa bamboyo. Unali wathu, chifukwa tinazoloweretsa makolo kulembera munthu m'malo molembera ofesi. Popeza ndili m'komiti yoona za makompyuta, ndinakhala pansi ndi katswiri amene amasamalira seva yathu, ndipo ndikufuna ndifotokoze zimene tinakonza ndi chifukwa chake.

Kalata imodzi, maadiresi a mitundu iwiri

Kalata ya ku positi ofesi imakhala ndi keyala pa envulopu, komanso dzina lolembedwa pamwamba pa pepala la m'kati. Wapositi amawerenga za pa envulopu zokha. Imelo nayo ndi chimodzimodzi. Malamulo otumizira imelo, otchedwa SMTP, amene Jon Postel anawalemba mu 1982, amati seva yotumiza iyambe yauza seva yolandira zinthu ziwiri: MAIL FROM, kutanthauza kumene kalata ikuchokera, ndi RCPT TO, kumene ikupita. Imeneyi ndiye envulopu. Mizere ya From ndi To imene mumaona pafoni panu ili m'kati mwa kalata. Seva imapereka kalata potsatira envulopu, ndipo ikalephera imaibwezera ku adiresi ya MAIL FROM. Kusintha maadiresi ndi ntchito youza seva kuti ikaona adiresi yakuti, kaya pa envulopu kaya m'kati, ilembepo ina.

Seva yathu imayendera pulogalamu ya Postfix, imene Wietse Venema anailemba akugwira ntchito ku IBM ndipo inatuluka mu 1998. Postfix imasunga malangizo osinthira maadiresi m'mafayilo a mizere yosavuta: kumanzere adiresi yoti isinthidwe, kumanja adiresi yolowa m'malo. M'zitsanzo zili m'munsizi ndalemba sukulu.example m'malo mwa dzina lenileni la sukulu yathu pa intaneti.

Mafayilo anayi ofunika

Yoyamba ndi virtual. Muli mzere wotere:

msungichuma@sukulu.example    akaunti17@sukulu.example

Kholo limalembera msungichuma, seva imasintha envulopu yokha, ndipo kalata imafika kwa amene ali paudindowo lero. Iyeyo akachoka, timasintha mawu akumanja basi, makolo osavutika ndi kuloweza adiresi ina. Kumanja mungaikenso maadiresi angapo olekanitsidwa ndi koma, kuti kalata yolembera komiti ifike kwa anthu atatu nthawi imodzi.

Yachiwiri ndi canonical. Iyi imasintha envulopu pamodzi ndi mizere ya m'kati mwa makalata ochokera pasukulu pano. Mphunzitsi amene akaunti yake ndi akaunti07 akatumiza kalata, wolandira amaona dzina lake lenileni, osati nambala yosamveka.

Yachitatu ndi generic, imene imagwira ntchito pa nthawi imene kalata ikutuluka kupita kunja. Makina ngati sikana ya mu ofesi amatumiza makalata ndi adiresi yodziwika m'kati mwa sukulu mokha, yoti munthu wakunja sangaiyankhe. Fayiloyi imaisandutsa adiresi yeniyeni ya ofesi.

Yachinayi ndi relocated. Iyi sipereka kalata kwa wina aliyense. Imaibweza ndi mawu ouza wotumiza kuti mwini adiresiyo anasamukira kwakuti. Ndi yoyenera makalata a munthu payekha amene wachoka, chifukwa si bwino kuti wolowa m'malo mwake aziwerenga makalata osakhudza ntchito.

Ophunzira a Fomu 3 ndi 4 amene mumakonda makompyuta, ndondomeko yake ndi iyi. Mufayilo ya main.cf mumalemba mzere wosonyeza kumene kuli malangizo, mwachitsanzo virtual_alias_maps = hash:/etc/postfix/virtual. Mukalemba mizere yanu mu virtual, mumalamula postmap /etc/postfix/virtual kuti Postfix ipange fayilo yake yofufuziramo mwachangu, kenako postfix reload. Ambiri amaiwala postmap n'kumadabwa kuti palibe chasintha. Musanauze anthu kuti zatheka, yesani ndi postmap -q kuti muone chimene adiresi yasanduka, kapena sendmail -bv imene imakutumizirani lipoti la kumene kalata ikanafika popanda kuitumiza. Samalani ndi maadiresi awiri olozerana okhaokha, chifukwa kalata imangozungulira osafika. Pewaninso mzere wolandira dzina lililonse la pa sukulu.example, chifukwa umatsegulira khomo makalata achabechabe.

Kalata ikamapitirizidwa ku Gmail

Aphunzitsi ena amafuna kuti makalata awo a kusukulu azifika ku Gmail. Apa pali msampha. Mabungwe ambiri amalengeza pa intaneti maseva okhawo amene ali ndi chilolezo chotumiza makalata m'dzina lawo, ndipo njirayi imatchedwa SPF. Banki ikalembera mphunzitsi, seva yathu n'kupitiriza kalatayo envulopu isanasinthidwe, Gmail imaona kalata yonena kuti yachokera ku banki koma yabwera ndi seva ya sukulu. Ikhoza kuitaya ku spam kapena kuikana. Mankhwala ake ndi SRS: seva yathu imalemba adiresi yake pa MAIL FROM, koma imasungamo adiresi yoyamba ija pamodzi ndi chizindikiro chotsimikizira, kuti kalata ikabwerera ikafike kwa mwini wake weniweni. Mzere wa From suyenera kukhudzidwa. Makalata ambiri amasainidwa ndi njira ya DKIM, ndipo mukasintha From kapena mawu a m'kati, siginecha imawonongeka. Nkhaniyi siyamasewera: kuyambira February 2024 Google imafuna kuti aliyense wotumiza makalata ku Gmail akhale ndi SPF kapena DKIM.

Isnad ya kalata

Pamene katswiri wathu amandionetsa mizere yobisika ya pamwamba pa kalata, ndinakumbukira phunziro la Hadith ku madrassa. Seva iliyonse imene kalata yadutsamo imawonjezera mzere woyamba ndi mawu akuti Received, wonena kuti yalandira kuchokera kwa yani komanso nthawi yanji. Mukawerenga kuchokera pansi kupita pamwamba, mumaona ulendo wonse, monga momwe isnad imatchulira kuti wakuti anamva kwa wakuti. Ndipo monga isnad, mizereyi imafunika kuipima, chifukwa wachinyengo akhoza kupeka ya m'munsi. Yodalirika ndi imene yalembedwa ndi maseva amene mukuwadziwa.

Ma ulama a Hadith ankadziwa kuti kutchula munthu ndi dzina lina kungakhale kwabwino kapena kwachinyengo. Kumutchula sheikh ndi kunya yake yodziwika kwa onse si vuto. Koma Ibn al-Salah, amene anamwalira mu 1245, anafotokoza mtundu wa tadlis umene wosimba amatchula sheikh wake ndi dzina losadziwika n'cholinga choti anthu asamuzindikire. Muyeso womwewo ndi umene tautenga pa seva yathu. Kusintha adiresi n'kololedwa ngati kukuthandiza kalata kufika kwa woyenera, ndipo wofufuza angathebe kupeza amene anailemba. Kukakhala kobisa mwini kalata kapena komuveka dzina la wina, ndi chinyengo.

Palinso amana ya amene wagwira kiyi wa seva. Mzere umodzi wa mu virtual ukhoza kutumiza kope la makalata onse a mphunzitsi kwa munthu wina, mwini wake osadziwa. Surat al-Hujurat, ayah 12, imaletsa kufufuza zinsinsi za anzathu, ndipo chiletsocho sichithera pakhomo la chipinda cha makompyuta. N'chifukwa chake komiti yagwirizana kuti kusintha kulikonse kwa mafayilo anayiwa kuzilembedwa m'buku, ndi tsiku ndi chifukwa chake, mphunzitsi wamkulu n'kusainira, ndipo mwini adiresi aziuzidwa.

Pempho kwa makolo

Kuyambira teremu ino, lemberani maofesi: msungichuma, mlembi, mphunzitsi wamkulu. Maadiresi ake ali patsamba lomaliza. Kalata yanu ikabwerera, musaifufute, itumizeni kwa mlembi kapena muonetseni mwana wanu akuwerengereni, chifukwa imanena chimene chalakwika.

Dziwaninso kuti dzina looneka pa From aliyense angathe kulilemba. Munthu ali kulikonse akhoza kutsegula akaunti n'kudzitcha msungichuma wa sukulu yathu. Dinani padzinalo kuti muone adiresi yonse, ndipo onetsetsani mawu otsatira chizindikiro cha @. Mukalandira imelo yonena kuti nambala ya akaunti yolipirira fizi yasintha, musatumize ndalama musanaimbe foni ku ofesi pa nambala imene mukuidziwa kale. Ayah 6 ya Surah yomwe ija imatilamula kutsimikiza nkhani tisanachitepo kanthu, kuopa kunong'oneza bondo pambuyo pake.

Kwa bambo a ku Johannesburg aja ndi mwana wawo, tinapepesa, ndipo ndikupepesanso pano m'malo mwa komiti. Insha Allah, risiti yotsatira idzafika kwa amene ali pampando wa msungichuma tsiku limenelo, kaya akhale yani.

Wassalamu alaikum.