Tabitha Chawinga

Tabitha Chawinga (anabadwa pa 22 May 1996 m'boma la Rumphi) ndi wosewera mpira wamiyendo wa ku Malawi amene amasewera kutsogolo. Anayamba mpira ali mwana, akusewera ndi anyamata a m'mudzi ngati goloboyi, ngakhale makolo ake sankafuna kuti mwana wamkazi azithamangitsa mpira.

Ali ndi zaka 13 anapita ku Lilongwe kukasewera timu ya DD Sunshine. Chifukwa cha mphamvu ndi liwiro lake, anthu ena ankakana kuti ndi mtsikana. Mu 2021 iye anaulula kuti ali wamng'ono anakakamizidwapo kuvula pamaso pa anthu kuti amuone, chipongwe chimene chikanatha kumusiyitsa mpira.

Mu 2014 anapita ku Sweden n'kuyambira mu ligi yaing'ono. Chaka chotsatira anagoletsa zigoli 43 ku Kvarnsvedens IK, timuyo n'kukwera mu ligi yayikulu ya Damallsvenskan. Mu 2017 anaposa onse mu ligiyo ndi zigoli 26, koma timu yake inatsikabe. Kenako anasewera ku China, ku Inter Milan ndi ku Paris Saint-Germain, ndipo mu 2024 analowa Lyon.