Tsogolo la mwana wa ku Kachulu lili m'manja mwa yani?

M'mamawa padoko la Kachulu panyanja ya Chilwa, m'dera la Mfumu Yaikulu Mwambo ku Zomba, anyamata a msinkhu wa Fomu 1 amakhala ali kale m'madzi, akukoka mabwato ndi kutsitsa matemba. Pamene belu la kusukulu likulira, iwo kangachepe kalowa kale m'thumba. Ukamufunsa mnyamata wotere za kutsogolo, sachedwa kuyankha: ukonde wakewake, kenako bwato, zikayenda bwino njinga yamoto ya kabaza. Njira akuidziwa, poti waona achimwene ake akupita ku zimbowera, timisasa toyandama pakati pa nyanja, n'kubwerako ndi ndalama za milamba ndi makumba.

Chovuta n'chakuti Chilwa ndi nyanja yosazama, yopanda mtsinje wotulukira. Mvula ikavuta, madzi a Domasi, Likangala ndi Phalombe akachepa, imabwerera m'mbuyo. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagonanso pamatope ong'aluka. Mwana amene anaona bambo ake akukhala chaka osaponya ukonde sitingamudzudzule akamati "zili kwa Mulungu".

Kwa mtsikana, nkhani imakhala ya fizi ndi banja. Lamulo la 2015 limati ukwati uyambire zaka 18, koma lamulo siligula yunifolomu kapena sopo.

M'boma lomweli, mu 2008 ndi 2009, akatswiri Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anachita kafukufuku wopereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Chosangalatsa n'choti gawo lina la ndalamazo linkaperekedwa m'manja mwa mtsikana mwini. Amene ankalandira pokhapokha akamapita kusukulu anachepetsa kusiyira panjira. Amene ankalandira popanda lamulo lililonse anachedwa kukwatiwa ndi kutenga pakati. Mtsikana wokhala ndi yakeyake amatha kukana msodzi wobwera ndi ndalama za nsomba.

Alangizi amakonda kuuza achinyamata kuti adzikhulupirire, ngati kuti vuto lili m'mutu mokha. Ine sindigwirizana nazo kwenikweni. Ofufuza aja atabwereranso patapita zaka zoposa ziwiri ndalama zitasiya, anapeza kuti phindu lambiri la atsikana olandira popanda lamulo linali litazilala: maukwati ndi mimba zinafanana ndi za anzawo amene sanalandirepo kanthu.