Ndinakathamanga ku Joni ndi mpamba wa usipa

Anzanga a mumsika wa pa Mangochi boma sanasiyebe kundiseka. Ndikangofika pa benchi amayamba: "Achimwene, munthu wamkulu ngati inu, wa ana anayi, kukwera basi masiku awiri kukangothamanga basi? Amakuthamangitsani ndani?" Lero ndati ndiwayankhe onse pamodzi m'nyuzi ino, kuti nkhaniyi ithe.

Ine ndimagulitsa nsomba zouma. Ndimapikula usipa ndi utaka m'madoko a ku Makawa ndi ku Msaka n'kumagulitsa pa boma, matumba ena n'kutumiza ku Limbe. Zothamangazi zinayamba mu 2021 pamene kuchipatala anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, ndichepetse thupi ndi mchere. Ndinati ngati pali wina woti athamange, bola ndikhale ineyo osati magazi.

Kuyambira pamenepo, 4 koloko m'bandakucha ndimanyamuka pa chipilala cha wotchi, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, n'kulunjika msewu wa ku Monkey Bay. Poyamba ndinkathera pa Mpondasi, lilime lili panja. Patatha zaka ziwiri ndinkafika ku Namiasi n'kubwerera, akabaza akundiimbira belu. Msewu umenewu mukuudziwa, ndi wosalala ngati thandala loyanikira usipa. Chitunda mulibe.

Mng'ono wanga amagwira ntchito m'sitolo ku Johannesburg, monga achitira anyamata ambiri a kwathu kuno. Tsiku lina anaimba foni: "Achimwene, ndamva kuti masiku ano ndinu a liwiro. Kuno kuli Soweto Marathon mu November, makilomita 42. Ndikulembetsani pa intaneti, inu mungopeza ya basi."

Ya basiyo ndiye inali nkhani. Mayi akunyumba atamva anaika chipande pansi. "Bambo, mukuti mpamba wa usipa mukathamange nawo ku Joni? Nanga fizi ya ana mu Januwale?" Ndinawakumbutsa kuti pa 1 November nyanja amatseka kwa asodzi a makoka kuti nsomba ziswane, ndiye bizinesi imakhala yozizira kale. Ndinalonjeza kuti nditenga theka lokha la mpamba, ndipo pobwera ndidzaoda mabulangete ndi nsapato zoti tigulitse. Anavomera, koma ndi nkhope ya munthu amene akubwereketsa njinga kwa chidakwa.

Panali mkulu wina wopuma usilikali amene amagula utaka kwa ine. Atamva za ulendowu anati: "Mwana wanga, Joni si nyanja ayi. Uziwoloka mlathowu Loweruka lililonse, ukakwere zitunda za ku Chowe pa msewu wa ku Namwera." Ndinayankha kuti chabwino bambo, koma mumtima ndinati munthu amene wapirira dzuwa la Okutobala la ku Mangochi angaope chiyani? Sindinapiteko ngakhale kamodzi.

Ulendo wake amayi ndi abambo okaoda katundu ku Joni akuudziwa: Blantyre, chipata cha Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka pa Park Station. Ndinayenda ndi pasipoti yanga yabwinobwino, chifukwa m'Malawi amaloledwa kukhala masiku 30 ku South Africa popanda viza. Ndinatsika basi Lachisanu mapazi atatupa ngati mandasi, mpikisano uli Lamulungu pa 5 November 2023.

Loweruka m'mawa ndinati ndiwongole miyendo pang'ono. Nditangothamanga mphindi khumi ndinayamba kupuma wefuwefu ngati ndasenza thumba la chimanga. Mng'ono wanga anaseka n'kundifotokozera. Mangochi ili pansi, mamita osakwana 500 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,700. Kumtunda koteroko mpweya ndi wopepuka, ndiye ukapuma kamodzi thupi limalandira wochepa kusiyana ndi kunyanja. Mtima umayenera kugwira ganyu yowonjezera.

Lamulungu kusanache tinali pa bwalo la FNB, paja panachitikira ndime yomaliza ya mpira wa dziko lonse mu 2010. Anthu ake, abale! Zikwizikwi, akuda, azungu, amwenye, agogo a imvi, onse nambala pachifuwa, akuimba ndi kuvina ngati kuli chinkhoswe. Ine ndili pakati pawo ndi nsapato zanga za pa kaunjika, kambendera ka Malawi nditasokerera pa malaya.

Mtunda wake weniweni ndi makilomita 42 ndi mamita 195. Muyeso umenewu unachokera ku masewero a Olimpiki a ku London mu 1908. Mwezi umodzi ine ndisanathamange, mnyamata wa ku Kenya, Kelvin Kiptum, anali atamaliza mtunda womwewu ku Chicago m'maola 2 ndi masekondi 35. Ine ndinkangofuna maola 4 ndi theka.

Atatilola kunyamuka ndinachita chimene amachita munthu amene walandira ndalama za chipereganyu: ndinamwaza. Kunja kunali kozizira bwino, anthu m'mbali mwa msewu akukuwa, ena ataona kambendera akuti "Malawi! Malawi!" Mutu unakula. Makilomita 10 oyamba, amene kwathu ndimathamanga ola lathunthu, ndinawamaliza m'mphindi 51. Chipatala chachikulu cha Baragwanath ndinachidutsa ngati mphepo ya mwera. Pa malo omwera madzi awiri ndinangodutsa osatenga kanthu, ati ndisataye nthawi.

Dzuwa litakwera anzanga ena anayamba kudandaula kutentha, kumadzithira madzi kumutu. Apa ndiye ndinanyada, chifukwa kwa munthu wa ku Mangochi dzuwa limenelo ndi la ana. Koma zitunda! Soweto alibe phiri lalikulu loti n'kuloza, koma msewu wake umangokwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika. Chitunda chilichonse chinkanditapa pang'onopang'ono ngati wangongole wobwera tsiku ndi tsiku.

Pofika ku Vilakazi Street, msewu wotchuka uja umene kunkakhala Nelson Mandela ndi Desmond Tutu, miyendo inali ya munthu wina. Alendo amalipira ndalama zambiri kudzaona malo amenewa. Ine ndinangoona phula ndi zala za kumapazi kwanga. Chapafupi pomwepo pali chikumbutso cha Hector Pieterson, mwana wasukulu amene anaomberedwa pa 16 June 1976, koma nacho ndinachidutsa maso ali mdima.

Akadaulo amati mphamvu imene thupi limasunga kuchokera ku nsima, mpunga kapena mbatata imakwanira makilomita 30 kapena kuposerapo pang'ono. Ukathamanga mopupuluma imatha msanga. Yanga inatha. Cha pa makilomita 32 katumba wa mwendo wakumanja anakokana, ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu. Ndinaganiza za galimoto yotola olephera. Kenaka ndinaona nkhope ya mayi akunyumba, ndi benchi yonse ya mumsika ikundifunsa kuti mendulo ili kuti. Theka la mpamba, abale, kukagula manyazi ku Joni!

Anandidzutsa ndi mayi wina wachikulire, nayenso wothamanga. Chinenero chake sindinachimve, koma anandipatsa mbatata ya kachewere yowiritsa yothira mchere ndi kathumba ka madzi, n'kuloza gulu limene linkabwera kumbuyo. Kumeneko gulu lotere amalitcha basi. Kutsogolo kumakhala munthu wodziwa njira, atanyamula kambendera kolembedwa nthawi imene akafikire, ndipo onse omutsatira amayenda mwa iye. Akati tiyende, onse kuyenda. Akati tithamange, onse kuthamanga, akuwerenga ndi kuimba. Basi yopanda kondakitala, yopanda kulipira.

Ndinakwera basi imeneyo. Pa chitunda tinkayenda ndawala, potsetsereka n'kumathamanga pang'onopang'ono. Anthu amene ndinawapitirira monyada m'mawa uja ndi amene anandinyamula ndi nyimbo zawo. Bwalo la FNB linkaoneka patali koma osafika, ngati munthu uli m'bwato ukuona magetsi a ku Monkey Bay usiku. Ndinalowa patatha maola 5 ndi mphindi 24. Mng'ono wanga anandikumbatira akulira: "Achimwene, ndimayesa mwafa!" Ndinati ndatsala pang'ono.

Mabulangete ndi nsapato ndinaoda monga ndinalonjezera. Ndili m'njira yobwerera, pa 9 November, ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Katundu amene ndinali nditagula kale uja anabweza mpamba wonse, fizi n'kupezeka. Pamenepo sindinganame kuti zinali nzeru zanga, unali mwayi chabe.

Tsono kwa inu amene mukuti mukayese, kaya ku Joni kaya ku Blantyre konkuno, imvani za mnzanu. Funsani kaye za msewu wa eni ake musananyamuke. Fikani kukadali masiku angapo kuti mapazi aphwe. Musavale nsapato yatsopano tsikulo. Imwani madzi ludzu lisanakupezeni. Koposa zonse, mphamvu ndi mpamba: amene wagulitsa zonse motchipa m'mawa chifukwa choti anthu akumuchemerera, madzulo amangoyang'ana anzake akuwerenga ndalama.

Mendulo ija mayi akunyumba anaikoloweka pabalaza, ndipo mlendo aliyense amamuonetsa okha ine ndisanatsegule pakamwa. Mkulu wopuma usilikali uja nditamufotokozera zonse sananene zambiri, anangoti ndimuyezere utaka wa masiku onse. Mau a akuluakulu akoma akagonera. Loweruka m'mawa mukandifuna musapite msewu wa ku Monkey Bay. Wolokani mlatho, mukandipeza ndikulimbana ndi zitunda za ku Chowe.