Mikangano ya pa Wikipedia: N'chifukwa Chiyani Ena Amatsekeredwa?

Ambiri a ife, aphunzitsi ndi ophunzira omwe, timathamangira pa Wikipedia tikafuna kudziwa chinthu mwachangu. Inayamba mu 2001, ndipo oilemba ndi anthu ongodzipereka, osalipidwa. Iliponso ya Chichewa ndi ya Chitumbuka. Aliyense akhoza kusintha nkhani, ndipo apa ndi pamene pamabuka mikangano.

Titenge chaka chimene anabadwa Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu. Boma linkatchula 1906, pomwe akatswiri ambiri a mbiri amati ndi cha m'ma 1898. Wina akalemba 1906, mnzake n'kufufuta, woyamba uja n'kubwezanso, nkhani imangosinthasintha, owerenga n'kusokonezeka.

Pa Wikipedia ya Chingerezi pali lamulo loti munthu asabweze zolemba za ena koposa katatu pa tsamba limodzi m'maola 24. Wophwanya lamuloli amatsekeredwa ndi oyang'anira, omwenso ndi ongodzipereka, kawirikawiri kwa maola 24 ngati n'koyamba. Akapitiriza, nthawiyo imatalika. Ngakhale chaka chake chikhale cholondola, sapulumuka. Chofunika n'kupita pa tsamba lokambirana, kutchula buku limene watengamo mfundoyo, n'kumvana ndi anzake.

Makolo ndi a komiti, dziwani kuti makompyuta a pasukulu nthawi zambiri amaoneka pa intaneti ndi nambala imodzi. Mwana mmodzi akalembapo zachipongwe, onse akhoza kuletsedwa kulemba, ngakhale kuwerenga sikutsekedwa. Ophunzira, musanasinthe chiganizo chilichonse, dzifunseni kuti: umboni wanga uli m'buku liti?