Pepala la magazi siliona chilonda cha palilime

Pamzere wa kwa dokotala wa mano sabata yatha ndinakhala moyandikana ndi bambo ena achikulire omwe anali ndi chilonda m'mbali mwa lilime. Anati chinayamba nthawi yokolola. Chomwe chinawabweretsa ndi dzino basi. Za chilondacho analibe nkhawa, poti anayezetsa magazi kwinakwake ndipo anawauza kuti mulibe kanthu. Pepala lake anandionetsa, lopindidwa bwino m'thumba la shati.

Chilonda chokhalitsa chotero chikhoza kukhala khansa, ndipo n'zoona kuti khansa imasokoneza zina m'magazi. M'zaka za m'ma 1920, katswiri wa ku Germany Otto Warburg anaona kuti maselo a khansa ndi adyera pa shuga. Selo labwinobwino limagwiritsa ntchito okosijeni kuphwanya shuga mpaka kumutheratu, n'kupezamo mphamvu zochuluka. La khansa limangomuswa pakati, ngakhale okosijeniyo alipo, n'kutaya zotsala ngati lactate. Zili ngati mwana wotafuna nzimbe kamodzi n'kulavula, kenako n'kumenya mfundo ina. Mphamvu zomwe limapeza n'zochepa, motero limameza shuga wambiri, zidutswa zina n'kumangira maselo atsopano. Gawo lomaliza la kuswa shugaku limagwiridwa ndi enzyme yotchedwa LDH, ndipo maselo akamafa, LDH imatayikira m'magazi. N'chifukwa chake ofufuza, makamaka a ku India komwe kutafuna fodya ndi mtedza wa areca kwachulukitsa khansa ya m'kamwa, akhala akuyeza LDH m'magazi ndi m'malovu. Ena apezanso kuti cholesterol ndi puloteni ya albumin zimatsika mwa odwala ambiri.

Vuto n'lakuti LDH ili pafupifupi m'selo lililonse la thupi. Imakwera munthu akadwala malungo chifukwa maselo ofiira akusweka. Imakwera chiwindi chikatupa, mtima ukavulala, ngakhale minofu ikatopa ndi ntchito yakalavulagaga. Albumin imatsika ndi njala yomwe. Ndipo kachilonda kongoyamba kumene, kakang'ono ngati nyemba, kakhoza osasintha nambala iliyonse papepalapo. Palibe kuyeza magazi komwe madokotala anakuvomereza kuti ndi njira yopezera khansa ya m'kamwa. Yankho limachokera ku kachidutswa ka mnofu kodulidwa pachilondapo n'kukaunikidwa pa maikulosikopu.

Chondikwiyitsa n'chakuti sayansi ya Warburg yomweyi yasanduka bodza loyenda pa WhatsApp: akuti khansa imadya shuga, ndiye wodwala asiye nsima, mpunga ndi mbatata kuti matendawo afe ndi njala. Afe ndi njala bwanji? Ubongo umafuna shuga usana ndi usiku, ndipo munthu akasiya kudya, chiwindi chimapanga shuga wakewake, mwa zina pogumula minofu ya mwiniwakeyo. Chotupa chimadyabe, wowonda ndi wodwalayo. Tsono ganizirani munthu yemwe kutafuna ndi kumeza kukumupweteka kale, abale n'kumulanda ndi phala lomwe chifukwa cha uthenga womwe wolemba wake sakudziwika.

Bungwe la WHO likuti mu 2022 anthu pafupifupi 390,000 padziko lonse anapezeka ndi khansa ya milomo ndi m'kamwa, ndipo oposa 188,000 anamwalira nayo. Zoyambitsa zazikulu tonse tikuzidziwa: fodya, kaya wosuta kaya woika m'kamwa monga ngirimbo, ndi mowa. Ziwirizi zikaphatikizana chiopsezo chimakula kwambiri kuposa chilichonse pachokha.

Chilonda chomwe chadutsa masabata atatu osapola, kapena banga loyera kapena lofiira losachoka, kachionetseni kuchipatala, ngakhale chisakupweteke. Bambo aja dzina lawo litaitanidwa ndinawapempha kuti, asananene za dzino, ayambe atulutsa lilime.