Nanga namwino akamatsokomola amuyeza ndani?

Ambirife chimfine sitichiwerengera. Timangoti aah, kachimfine basi, tiwiritsa mandimu ndi masamba a bulugamu, mawa tili kumunda. Komatu pali anzathu ena amene kachimfine komweko kamawafikitsa pa chibayo, mwinanso kumanda.

Taganizani za munthu amene anamuika impso ya mnzake. Amalawi ambiri ofuna opaleshoni yotere amapita ku India. Akabwerako amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi moyo wawo wonse, kuti thupi lisakane impso yachilendoyo. Ndiye kachirombo kakalowa kamapeza pakhomo palibe mlonda, ndipo kamatha kukhala m'thupimo masabata angapo.

Ku Neno oikidwa impso sangachuluke, koma a chitetezo chofooka alipo: a HIV, a TB, a shuga. Bungwe la Partners In Health, lomwe kumeneko limatchedwa Abwenzi Pa Za Umoyo, linayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'bomali mu 2007. Mu 2015 anayambitsa kiliniki imodzi yoonera pamodzi odwala matenda okhalitsa. Nzeru yabwino zedi, poti munthu wotsika m'mapiri a ku Dambe sayenda kawiri. Koma zikutanthauzanso kuti ofooka onsewa amakhala pa benchi limodzi, akupuma mpweya umodzi.

Nanga amene amawayendera onsewo mmodzimmodzi ndani? Namwino. Munthu amatha kupatsira mnzake chimfine choopsa cha fuluwenza kutatsala tsiku limodzi kuti ayambe kumva kudwala. Covid-19, imene inapezeka m'dziko muno pa 2 April 2020, inatiphunzitsa kuti wooneka wathanzi akhoza kufalitsa matenda. Mwezi womwewo ogwira ntchito pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera. Sanalakwe ayi.

Tsono mliri unapita, koma phunziro lisapite nawo. Zipatala ngati cha Neno ndi cha Lisungwi zikhale ndi buku lolembamo wantchito aliyense amene wayamba chifuwa, kuyambira dokotala mpaka wokolopa. Ayezedwe msanga, akapume kunyumba osadulidwa malipiro. Otsokomola pa mzere apatsidwe masiki, akhale padera, mazenera atsegulidwe.

Vuto nlakuti namwino akakhala yekha pa wodi sangapite kukagona, amangomwa Panado nkupitiriza. Apa ndiye akuluakulu a ku Capital Hill mumve: lembani anamwino okwanira, kuti wodwala akapume pamene mnzake akugwira ntchito.