FUTALI WA NTHOCI NDI MANGO PA TSIKU LA KRISIMASI

M'midzi ya kwa Mpama tsiku la Krisimasi layandikira, ndipo m'nyumba zambiri amai ayamba kale kuwerenga pa zala, nati, Mpunga tidzagula ndi ciani, nanga nkhuku idzacokera kuti? Funso limeneli nlolemera ndithu, pakuti cikondwerero cimeneci cimatipeza pa nyengo yobvuta: mbeu ziri m'nthaka, ndalama zathera ku feteleza, ndi cimanga ca m'nkhokwe catsala pang'ono. Ena amakatenga ndalama za katapila kuti adye bwino tsiku limodzi, nalira miyezi itatu. Ena amagulitsa cimanga cimene cikadasunga ana ao kufikira masika. Cifukwa cace tifuna kukukumbutsani za cakudya cimene cimamera kuseri kwa nyumba zanu, ndico futali wa nthoci wothirako mango, amene ali wozuna ndi wamcere pamodzi.

Dziko lathu la Chiradzulu nlocepa ndi anthu ace ngocuruka. Pa kalembera wa caka ca 2018 anawerengedwa oposa 350,000. Minda njaing'ono, koma pa khomo liri lonse pakhoza kuima tsinde la nthoci ndi mtengo wa mango. Zomera zimenezi zinafika kwathu ngati alendo: nthoci zinacokera ku maiko a kum'mawa kwa Asia, mango ku India, ndi mtedza ku South America, kumene amalinyero a ku Ulaya anautenga citapita caka ca 1500. Makolo athu anazilandira nazikhazika mumphika umodzi. Ngakhale abale athu a ku Karonga amaphika nthoci zaziwisi pamodzi ndi nyama, nazicha mbalaga. Munthu asanene tsono kuti cipatso sicikhala cakudya ca akulu.

Nazi zofunika pa banja la anthu 8: nthoci zaziwisi zokhwima 20, monga kholobowa kapena makumbuka, nthoci zakupsya 4, makamaka sukari, mango 3 amene ayamba kumene kupsya, osafewa, makapu 3 a nsinjiro, anyezi 2, matimati 3, ndi mcere.

Yambani ndi mtedza. Uthireni m'licero, nimuusankhe kunja poyera. Njere iri yonse yofota, yoola kapena ya cuku muitaye, osapatsa mwana ngakhale nkhuku. Cuku ca mtedza ciri ndi ululu wosaoneka ndi maso, umene umaononga ciwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo moto wa pa mafua suupha ululuwo. Wotsalawo muusinje mumtondo mofatsa, nimusefe. Mukausinja kopitirira udzatuluka mafuta nugwirana.

Posenda nthoci zaziwisi dzolani timafuta m'manja, kuti utomoni ungakumatireni, ndipo nthoci iri yonse mukaisenda muiponye m'madzi kuti ingade. Tengani mphika wadothi waukulu, nimuyale pansi pace kacidutswa ka tsamba la nthoci, kuti cakudya cingapserere. Ikani nthoci zaziwisi zodula pawiri, pamwamba pace anyezi ndi matimati, nimuwaze mcere. Bwerezani comweco kufikira zonse zalowa. Madzi afike pakati pa nthocizo, asazimize. Bvundikirani, ndipo ziwire monga theka la ora, kufikira kamtengo kalowa mosabvuta.

Pamenepo sungunulani nsinjiro m'madzi pang'ono, nimuzithire ponse ponse. Cepetsani nkhuni, pakuti nsinjiro sizifuna moto waukali. Musatakase ndi mthiko monga pophika nsima, cifukwa nthoci zidzaphwanyika nizisanduka phala. Gwirani mphika m'khosi ndi nsanza, nimuugwedeze pang'ono. Pakapita mphindi 15, ndi pfungo la mtedza wauwisi litatha, yalani pamwamba nthoci zakupsya zija ndi mango osenda, oduladula. Bvundikirani ndi phale kapena cibvundikiro cacitsulo, nimuikepo makala a moto monga mumacita pophika cigumu. Moto wa pansi ukhale wocepa, wa pamwamba ndiwo ugwire nchito. Pakapita mphindi zina 15 mudzaona pamwamba pafiira, ndi madzi a mango atsikira m'nsinjiro. Shuga safunika konse.

Cinsinsi cace ciri pa mango. Akapsya kwambiri amasungunuka, ndipo futali amazuna ngati cakudya ca khanda, abambo nakankha mbale. Akakhala awisi amawawasa, nsinjiro nizitaya kukoma kwace. Koma amene ali pakati, acikasu mkati ndi olimba pogwira, amadula kunona kwa mtedza, kotero kuti munthu amadya osatopa nako. Amene ali ndi nkhuku aikazinge payokha naiike pambali. Amene alibe, nandolo kapena masamba a nkhwani akwanira, ndipo asacite manyazi.

A zaumoyo amatiphunzitsa kuti thupi lifuna magulu 6 a zakudya. M'mphika umodzi umenewu muli nthoci zopatsa mphamvu, mtedza womanga thupi ndi wa mafuta, ndi mango okhala ndi vitamini A, amene amasunga maso a ana ndi kuwathandiza kulimbana ndi matenda. Botolo la zakumwa zozuna za m'sitolo liribe zimenezi, ngakhale limadya ndalama. Pa Pasaka mango amakhala atatha. Pamenepo dzungu kapena mbatata yacikasu mkati idzalowa m'malo mwace, ndipo kaphikidwe nkomweko.

Koma pali zinthu ziwiri zimene zikhoza kutilanda cakudya cimeneci. Coyamba ndico kusasunga. Mtedza timakumba m'miyezi ya Meyi ndi Juni, ogula nafika pomwepo ndi masikelo ao. Mwezi wa Disembala ukafika, wotsala ndi wa mbeu wokha, ndipo kusinja mbeu ndiko kudya caka ca mawa. Mai wanzeru amapatula dengu limodzi la mtedza wosasenda, wouma bwino, naliika pamalo posafika cinyezi. Akulu anati, fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Caciwiri ndiyo nthenda ya cisaka, imene inaoneka m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990, ndipo inatha minda yambiri ya nthoci ku Thyolo ndi ku Mulanje. Masamba amacepa naunjikana pamwamba, ndi tsinde limaleka kubala. Imafalikira ndi nsabwe za nthoci ndi ana a nthoci ocokera ku tsinde lodwala. Mankhwala ocizira palibe. Tsinde lodwala lizulidwe lonse ndi mizu yomwe, ndipo mbeu yatsopano mufunse kwa alangizi a zaulimi. Abambo, nchito imeneyi njanu.

Tsono pobwera ku Misa, mphika ukatsika pa mafua, kumbukirani kuti pa mudzi uli wonse pali agogo okhala okha ndi ana amasiye amene sanasonkhe moto tsiku limenelo. Futali ali ndi ubwino uwu, kuti nthoci zisanu zoonjezera sizisaukitsa munthu. Tumani mwana ndi mbale yobvundikira musanayambe kudya inu, pakuti kupatsa nkuika. Tikufunirani nonse Krisimasi ya mtendere, yopanda ngongole.